Muvi Wofika M'zidutswa

Januwale ku Tampere. Dzuwa lalowa anthu asanaweruke,
chipale chofewa chaunjikana pazenera,
khofi wandizizirira kachitatu.
Pasikirini pali kalata ya Reijo Halttunen:
"Ndikadina muvi wokwera, pulogalamu yanu imandilavulira ^[OA.
Zaka makumi awiri ndikulemba katundu padoko la Kotka,
muvi wotukwana ndauona lero."

Ndaseka ndekha. Wopalamula ndikumudziwa.

Muvi sufika wathunthu.
Umabwera m'zidutswa zitatu, mondondozana ngati ana a bakha:
patsogolo ESC, wogogoda pachitseko,
kumbuyo kwake kabulaketi,
kenako chilembo, A kukwera, B kutsika, C kumanja, D kumanzere.
Chala chimadina kamodzi, waya amayankhula katatu.

Ndiye teminolo iliyonse ili ndi kayankhulidwe ka kwawo.
Ya Reijo yataya kabulaketi n'kutola O,
poti pulogalamu ina inaisintha khalidwe
n'kuchoka osaibwezera mwakale.
Ina yokalamba imatumiza 224, kenako 72,
ngati ikukuuza basi yoti ukwere.
Ukagwirizira Ctrl, manambala amalowerera pakati osaitanidwa.
Buku la terminfo limalumbira kuti limawadziwa onse,
koma ambiri amanama dzina polowa,
aliyense akuti, "Ndine xterm."

Zimenezo n'zazing'ono. Umalemba mndandanda, umatha.

Chondigoneka mochedwa ndi ESC akafika yekha.
Wagogoda. Kenako zii.
Kodi ndi munthu watopa, akuti tsekani ndizipita,
kapena ndi muvi womwe miyendo yake ikadali panyanja?
Nambala ndi yomweyo, 27.
Chowalekanitsa palibe, koma nthawi basi.

Ndinaika mamilisekondi khumi.
Anandilembera Sunniva, ali pasitima yofufuza m'madzi a Svalbard,
kumene uthenga umayamba wakwera kusetilaiti usanatsike:
anangofuna mzere wapamwamba, fayilo inadzitseka,
miyeso ya mchere ya tsiku lonse inapita.
Ndinaika theka la sekondi.
Anandilembera mnyamata wa zala zamoto wa ku Tartu:
"Pulogalamu yanu ikuyenda ngati yavala nsapato zonyowa."

Lamulungu lililonse ndimaimbira mayi ku Kajaani.
Chidwalireni sitiroko, mawu awo amafikanso choncho.
"Inkeri..."
kenako zii,
wotchi ya kukhitchini yokha ikumveka.
Kale ndinkathira nkhani za nyengo m'bata limenelo,
ndikaona kuti atha, ndinkatsanzika.
Mlongo wanga Tapani ndiye anandimasula:
"Umawadula. Chiganizo chimakhala chikadali m'njira."
Miyezi iwiri yathunthu ankafuna kundifunsa
za mtengo wa maapulo umene bambo anabzala,
ngati tiudule kapena tiusiye chaka china.

Tsopano ndimagwira foni, ndimawerenga matailosi a pakhoma.
Nthawi zina zotsalazo zimafika.
Nthawi zina linali dzina langa lokha
limene amafuna kulitchula.

Usiku uno ndalemba makumi asanu,
ndipo pambali ndasiya kakhomo
kuti aliyense adziikire nambala yake,
poti kutalika kwa waya wa mnzako sungakudziwe uli pampando.
Kwa wodzagwira ntchitoyi ine nditachoka ndasiya mzere umodzi:
usatsitse nambalayi usanakwerepo sitima.

Reijo ndamuyankha: mawa muvi wanu ukwera,
onse awiri ndawatsegulira, wa kabulaketi ndi wa O.
Kunja thiramu yomaliza yadutsa pa Hämeenkatu,
magetsi ali ngwee, mipando yopanda munthu.
Ndavala chipewa, ndadina ESC.
Makina adikira kaye,
kamphindi koti diso silingakaone,
kuti mwina ndikadali ndi chonena.